Mmene Mungaonongere Mabuleki a Kumbuyo Osachoka Pakhomo

Kuononga injini sikufuna sukulu. Mungosiya kuthira oilo, zotsalazo imaliza yokha. Mabuleki a kumbuyo ndiwo amafuna munthu wakhama, chifukwa anapangidwa mouma mutu. Nzeru ya dramu ndi ya Louis Renault, ya mu 1902, ndipo zimene zinawonjezedwa pambuyo pake n'zowerengeka. Pali chitsulo chozungulira chimene chimayenda limodzi ndi wilo. Mkati mwake muli ma shoe awiri opindika, omatidwa laining'i. Kasilinda kowakankhira kunja mukaponda pedulo. Masipuling'i owabweza mukachotsa phazi. Ndi ajasita yotseka mpata laining'i ikamadyeka. Basi. N'chifukwa chake ma Hilux, ma Land Cruiser, ma Isuzu KB ndi ma Land Rover amene ankagwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe enafe tisanamere ndevu akuimabe akapondedwa, ngakhale adutsa m'manja mwa eni asanu. Kuti chinthu chotere chikane, pamafunika dongosolo.

Malangizo awa ndi a bambo wa ku Kamwala, Kabwata, Libala kapena Chilenje amene ali ndi galimoto yotere pabwalo, Loweruka lopanda maliro, ndi mtima wosafuna kuuzidwa. Akamakuuzani kuti safunsa anadya phula, ayankheni kuti anakhuta.

Choyamba ndi kudikira. Musafulumire kumasula wilo vuto lidakali laling'ono komanso lotchipa. Lusaka ikuthandizani pa zimenezi, chifukwa ndi mzinda wathyathyathya, ndipo pa Independence Avenue polowera ku Kafue Roundabout nthawi ya 17 hours anyamata a mawilibala amakupitirirani. Galimoto ikakhala yopanda katundu, ntchito yaikulu yoimitsa imagwiridwa ndi mawilo a kutsogolo, a kumbuyo amangothandizira. Mungayende miyezi yambiri a kumbuyo atafa kalekale, inu n'kumauza anzanu kuti galimoto zakale ndiye zinali galimoto. Zizindikiro zimabwera ndithu, koma chilichonse chili ndi mankhwala ake. Handibuleki ikamakwera mpaka m'khwapa osagwira, sungani mwala pansi pa mpando. Pedulo ikamagwira pokhapokha mutapopa kawiri, phunzirani kupopa kawiri. Mukamva chitsulo chikukhula chinzake kumbuyo, wailesi ili ndi batani lake. Mzere wonyowa mkati mwa tayala, umene umaoneka munthu akagwada, uli ndi mankhwala osavuta kuposa onse: musagwade.

Tsiku logula zipangizo, ma shoe akale asiyeni kunyumba, nambala ya chassis musalembe. Pitani ku Freedom Way, Cha Cha Cha kapena Lumumba Road manja ali m'thumba, mukanene kuti mukufuna "ma shoe a Hilux". Hilux inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo yasintha kambirimbiri. Ina ili ndi dramu ya mamilimita 254, ina ya 295, ndipo zochokera ku Japan zolowera pa Nakonde sizifanana nthawi zonse ndi za ku South Africa. Wogulitsa wachilungamo adzakufunsani chaka, injini ndi kukula kwa dramu. Ameneyo ndi wochedwetsa anthu. Wofunika ndi mnyamata amene amakuchingamirani panja musanalowe n'komwe, wosafunsa funso ngakhale limodzi.

"Ba mudala, nkhalani apa, nibwera manje manje."

Amalowa pakampata pakati pa mashopu, n'kutulukira ndi bokosi lonyezimira, dzina la kampani litaperewera chilembo chimodzi.

"Iyi ni orijino, ba mudala. Ya gong'a siningakupaseni imwe."

Musatsegule bokosilo pamaso pake, kumeneko n'kumunyoza. Akalola kugawa seti, gulani ya wilo limodzi lokha, lomwe likuliralo. Mbali ina ikakhala ndi laining'i yatsopano ina yakutha, galimoto imakhota yokha mukaponda mwadzidzidzi, zimene zimapeputsa ntchito ya chiwongolero. Masipuling'i atsopano, timapini togwira ma shoe ndi kasilinda mtengo wake sufika pa wa tayala limodzi, choncho n'zoonekeratu kuti n'zosafunika.

Mukabwerako, imikani galimoto padothi, makamaka mvula itagwa usiku. Okhala chakumwera kwa Kamwala, kumene madzi amaima masabata, savutika kusaka malo otere. Jeke ya botolo ikani pa kathabwa kalikonse. Ma stand achitsulo amene amakaniko amalowetsa pansi pa ekiselo ndi a anthu amantha, inu muli ndi mabuloko otsala pomanga mpanda. Buloko ya simenti ili ndi ubwino umodzi, kuti siichenjeza. Siipindika, siilira, imangophwanyika nthawi imodzi, matani awiri n'kutera pa mwendo umene unali pafupi. Mawilo a kutsogolo musawatchinge ndi kanthu. Eni Land Rover ali ndi mwayi wapadera pano. Handibuleki yawo siigwira mawilo, imagwira kadramu kena kuseri kwa gearbox, pa propshaft. Mukangokweza wilo limodzi la kumbuyo, difu imalola galimoto kusuntha ngakhale handibuleki ili yokoka, ndipo Land Rover imatsika pa jeke mwaulemu n'kulunjika kugeti.

Eni Hilux ndi Isuzu, amene handibuleki yawo imagwira ma shoe omwe mukufuna kuchotsawo, aikoke mpaka kumapeto asanayambe. Dramu idzakana kutuluka, ndipo apa ndi polowera hamala. A Toyota anaboola timabowo tiwiri pankhope pa dramu tolowa bauti ya M8. Mukamanga mabauti awiri mosinthanasinthana, dramu imadzikankha yokha n'kutuluka. Kuseri kwa backplate, chitsulo chimene ma shoe amakhalapo, kulinso kabowo kotsekedwa ndi kalabala, kolowetsapo sukuludiraiva kuti mubweze ajasita, chifukwa dramu yakale imamera mlomo m'mphepete umene umakola ma shoe. Njira zimenezi n'zachete, palibe neba angadziwe kuti mukugwira ntchito. Hamala imamveka mpaka ku Luburma Market. Menyani m'mphepete, mbali imodzi, ndi mkono wonse. Chitsulo cha dramu sichipindika, chimang'aluka, ndipo mng'alu woyamba suoneka ndi maso, umadikira tsiku limene dramu idzatenthe. Ikakanabe, lowetsani chitsulo chomasulira matayala pakati pa dramu ndi backplate n'kutsamirapo. Backplate yopindika idzakuimbirani khwe, khwe, khwe ulendo uliwonse.

Dramu ikatuluka mudzapeza fumbi lakuda bii. Amakaniko osamala amalinyowetsa n'kulitsuka kuti lisauluke, mphuno atatseka. Inu uzirani ndi pakamwa, nkhope ili pafupi, kapena bwerekani kompuresa ngati magetsi alipo tsiku limenelo. Laining'i yakale, ndi ina yotchipa yosadziwika kumene inachokera, imatha kukhala ndi asbestos, ndipo timaulusi take tikalowa m'mapapo timakhalamo. Bungwe la World Health Organization limanena kuti mitundu yonse ya asbestos imayambitsa khansa. Chokoma chake n'chakuti matendawa amaonekera patapita zaka 20, 30 kapena kuposa, galimoto itagulitsidwa kale, ndipo palibe adzaloze chala pa Loweruka limeneli. Ana akabwera kudzaonerera, aimikeni kumene mphepo ikulowera.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa n'kupezeka kuti akonza bwino mwangozi. Masulani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Munthu akamasula wilo limodzi, linalo limatsala chitsanzo: akaiwala pamene sipuling'i inakola, amangozungulira galimoto n'kukasuzumira. Chitsanzo chimenecho chichotseni. Foni ili m'thumba, koma musajambule, kujambula n'kuvomera kuti mungaiwale. Tengani beseni lochapira la amayi a kunyumba, khuthulirani zonse mmenemo, za kumanja ndi za kumanzere, thirani petulo, vundulani.

Ajasita ya kumanja ndi ya kumanzere zimaoneka zofanana, koma mazinga ake amazungulira mosiyana, ndipo kawirikawiri zimalembedwa L kapena R. Mukazisinthanitsa, imene inayenera kumatseka mpata imasiya ntchito kapena imayamba kuutsegula, pedulo n'kumatsika sabata ndi sabata popanda chodontha chilichonse. Pa zolakwa zonse ichi ndiye chimandisangalatsa, chifukwa munthu angagule master cylinder yatsopano, kubulida mpaka mwendo kutupa, osachipeza. Pa galimoto zina ma shoe awiriwo safanana, ina laining'i yake ndi yaifupi, ina yaitali, ndipo iliyonse ili ndi malo ake, kutsogolo kapena kumbuyo. Ikani aafupi awiri wilo limodzi, aatali awiri wilo linalo. Sipuling'i imene yafooka ndi kutentha ibwezereni momwemo. Yoduka, waya wa pampanda ulipo. Pokoka sipuling'i yaikulu gwiritsani pulayazi yoterera, diso lili molunjika. Kasipuling'i kapena kawasha kakatsala m'beseni ntchito itatha, musadandaule. Ikani mu ashtray. A ku Japan amakonda kuchulutsa zinthu.

Ma shoe a galimoto za m'tchire kawirikawiri safa ndi ukalamba, amafa ndi kunyowa, ndipo zonyowetsa n'ziwiri. Mukatukula kalabala ka kumapeto kwa silinda n'kupeza muli madzimadzi, silinda ikudontha brake fluid. Mukapeza matope akuda onanda, a fungo la oilo wa difu limene silisokonezeka ndi lina, yatha ndi oil seal ya ekiselo. Seal imeneyi nthawi zambiri ili ndi choipha. Pamwamba pa ekiselo pali kachipangizo kopumira, breather, kotulutsa mpweya difu ikatentha. Galimoto ikamasambira m'matope a January kamatsekeka, mpweya umasowa potulukira n'kukankha oilo kudzera pa seal mpaka mu dramu. Kukatsuka kumafuna sipanala imodzi ndi parafini pang'ono. Musakakhudze. Ikani ma shoe atsopano pamalo ponyowapo, tsekani, ndipo pomafika Pasaka mudzakhala mukugula ena, zimene zimalimbikitsa malonda a m'tauni.

Mdala wa ovololo yothimbirira amene amakonzera pansi pa mtengo kuseri kwa msika amadziwa zonsezi. Amapisa chala mu dramu, amachinunkhiza, n'kunena kuti vuto lili ku ekiselo, ma shoe ndi ongolakwiridwa. Ntchito yonse angaimalize dzuwa lisanafike pamutu. Choipa chake n'chakuti amakuuzani zimene simunafunse, choncho mulambalaleni.

Ngati ndalama zathina, ma shoe onyowa ali ndi njira yake yotchuka: kuwatsuka ndi petulo n'kuwaika pa mbaula mpaka utsi uleke. Kunja amaoneka ouma bwinobwino. Koma laining'i imamwa oilo mpaka mkati, ndipo ikatentha pamtsetse oiloyo amatulukanso. Motowo umafooketsanso guluu amene anaimata pachitsulo, moti tsiku lina imamatuka yathunthu n'kupanikizika mkati, wilo n'kuuma galimoto ili pa liwiro. Girizi amafunika kadontho chabe pamene shoe imakhudza backplate ndi pa mazinga a ajasita. Inu musaumire. Pakani paliponse, ndipo ndi manja omwewo gwirani laining'i yatsopano.

Pa dramu pamakhala manambala, monga MAX DIA 297 mm pa dramu ya 295. Ndiye kuti chitsulo chololedwa kudyeka ndi milimita imodzi yokha mbali iliyonse. Dzimbiri limabisa manambalawa, ndipo si bwino kulipala. Dramu ikachita mizere itengereni ku lathe akaisende, ikachitanso akaisendenso. Yopyapyala imatentha msanga, imafutukuka n'kuthawa ma shoe, pedulo n'kuitsatira mpaka pansi. Mabuku a Toyota amati laining'i ikatsala milimita imodzi kapena imodzi ndi theka yatha. Amene analemba mabukuwo sanalipirepo sukulu fizi mu January.

Botolo la brake fluid limalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Ikakhala yatsopano, DOT 3 siiwira isanafike 205°C, DOT 4 isanafike 230°C. Koma imayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo ikamwa madzi ochepa chabe manambalawa amatsikira cha m'ma 140°C ndi 155°C. Ikawira m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imangofinyika, siikankha kanthu. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati izisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo n'chifukwa chakenso inu muyenera kuthira ya m'botolo limene lakhala chitsegukire pawindo kuyambira nthawi ya a Mwanawasa. Likatha, zilipo zina. Oilo wa power steering ndi wofiira, amaoneka wamphamvu. Amatupitsa malabala onse a m'masilinda, ndipo mudzasintha zonse kuyambira ku master mpaka ku mawilo anayi. Madzi a sopo, amene madalaivala akale ankati amafikitsa munthu pa tauni yotsatira, inu asiyeni momwemo mpaka kalekale. Pa Lusaka pano, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, madzi amawira asanafike n'komwe 100°C, ndipo akamadikira kuwirako amakhala akudyetsa masilinda dzimbiri. Silinda imodzi ikamadontha, njira yachidule ndi kufinya paipi yake ndi vice grip kapena kukhomamo kamsomali. Kudontha kumatha pomwepo, limodzi ndi buleki ya wilo limenelo.

Kubulida kumafuna anthu awiri, choncho wachiwiriyo musankheni mosamala. Alamu anu odziwa za galimoto musawaitane, ayamba kupereka maganizo. Itanani mwana wa Giredi 4 amene mwendo sufika bwino pa pedulo, kapena amayi a kunyumba nsima ili pamoto. Inu mwagona chagada pansi pa galimoto, kasipanala m'manja.

"Amake mwana, pondani!"

"Ndaponda."

"Gwirani pomwepo, musasiye!"

"Mwati ndisiye?"

Nipo yobulidira ili chitsegukire, phazi lachoka, mpweya wakokedwa kulowa m'paipi. Mwachita bwino nonse awiri. Dongosolo loyenera kulipewa n'loti muyambe ndi wilo la paipi yaitali kwambiri kuchokera ku master, mutseke nipo phazi lisanachoke, mulowetse kapaipi koonekera mkati m'botolo kuti muone thovu likatha, ndipo muzidzaza kathanki ka kutsogolo pafupipafupi. Inu yambani ndi wilo limene lili pamthunzi. Kathanki kasiyeni kaume kuti mpweya ulowenso kuchokera kumtunda. Nipo yadzimbiri ipotoleni ndi pulayazi mpaka idukire mkati. Pomaliza pedulo izikhala yofewa ngati papaya lakupsa. Wina akafunsa, muuzeni kuti ma shoe atsopano amatero, akhala bwino akazolowera.

Pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser ambiri pali valavu ina pa chassis chakumbuyo, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kachitsulo. Ntchito yake ndi kumva kulemera. Bodi ikatsika ndi katundu imatumiza mphamvu yambiri ku mabuleki a kumbuyo. Galimoto ikakhala yopanda kanthu imachepetsa, kuti mawilo asaume n'kuserereka. Ili ndi nipo yakeyake, imene muyenera kuiiwala. Koposa apo, onjezerani masipuling'i awiriawiri kuti galimoto isamagwade ndi matumba, kandodo kaja osakasintha. Valavu idzakhulupirira kuti galimoto ilibe kanthu ngakhale mutasenza mudzi wonse.

Kuajasita kuli ndi njira ziwiri, sankhani yokukomerani. Ina ndi kusiya ma shoe ali kutali ndi dramu n'kumanga chingwe cha handibuleki mpaka igwire. Handibuleki idzamveka bwino, pedulo idzakhalabe pansi. Ina ndi kumanga ajasita mpaka wilo likane kuzungulira, osabweza ngakhale dzino limodzi. Pofika ku Woodlands dramu idzakhala ikununkha, dizilo akuthera kulimbana ndi mabuleki anu omwe. Wilo loajasita bwino limazungulira ndi dzanja likukhuza pang'ono chabe. Likatero dziwani kuti mwasochera. Manati a wilo mangani motsatana m'malo modumphitsa, mutalowetsa paipi yaitali pa sipanala n'kuimapo ndi miyendo yonse mpaka stud ilire. Kapena mangani ndi zala, mukuti mumaliza galimoto ikatsika pa jeke, kenako foni iitane.

Lolemba galimoto idzayamba kudandaula, ndipo luso lotsala ndi kuimva molakwika. Pedulo yofewa imene imalimba mukapopa ikunena za mpweya kapena za ma shoe otalikira dramu, gulani master. Imene imatsika yokha pang'onopang'ono phazi lili chipondere pa maloboti, popanda chodontha panja, ikunenadi za master, bulidaninso. Galimoto yokokera mbali imodzi ikunena za shoe yonyowa kapena silinda youma ndi dzimbiri, choncho pitani mukalipire alignment. Pedulo yogundagunda pansi pa phazi ikunena za dramu imene yasiya kukhala yozungulira, mwina poti munalowa nayo m'madzi itatentha. Uzani anthu kuti ndi ABS, ngakhale galimotoyo ili ya 1989. Wilo limodzi likamatentha lokha, mwina chingwe cha handibuleki chauma ndi matope, mwina paipi ya labala yafufuma mkati ndipo ikulola fluid kupita koma osabwerera. Thirani madzi pa dramu, pitirizani ulendo. Paliponse yambani ndi chinthu chodula kwambiri, ndipo sinthani zitatu nthawi imodzi kuti musadziwe chimene chinali vuto.

Kuyesa pa kamsewu kopanda anthu, pang'onopang'ono, n'kutsika kuti mumve ngati madramu awiri afunda mofanana, kumeneko n'kuononga dizilo. Za fitness musade nkhawa. A RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 2002, amayesa mabuleki amene galimoto ili nawo tsiku limene mwaipititsa. Choncho ntchito yonseyi igwireni Loweruka lotsatira mutabwerako koyesetsa galimoto ku Mimosa. Pepala lidzanenabe kuti galimoto ili bwino, ndipo silikunama, inalidi bwino.

Mayeso enieni ndi ulendo wa kumudzi. Dikirani kumapeto kwa August, chimanga chitauma ndipo anthu akubwerera kuchokera ku Kulamba ku Mkaika. Popita galimoto imakhala yopepuka. Chelstone, Chongwe, Rufunsa, ndipo ngakhale mapiri a Manenekela mungawatsike mabuleki a kutsogolo akuvutika okha mwakachetechete. Pobwerera kuchokera ku Katete kapena Petauke ndiye pali nkhani. Matumba khumi a makilogalamu 50 ndi theka la tani. Onjezani mtedza, mbuzi, azakhali awiri ndi mwana wa akulu anu amene akubwera kudzafuna ntchito m'tauni. Kulemera konseku kwatera pa ekiselo ya kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito yanu ija, galimoto ikupempha mabuleki a kumbuyo kuti agwire. Mukadutsa Nyimba ndi Kacholola msewu umatsetserekera ku Luangwa Bridge mokhotakhota, ndipo kutsidya kukudikira zitunda ndi mitsetse ina. Ikani giya pa fili kuti mupulumutse dizilo. Giya yachiwiri kapena yachitatu ikanalola injini kugwira galimoto, koma ikanachita phokoso n'kudzutsa azakhali. Phazi likhale pa pedulo osachotsa, kuti madisiki a kutsogolo, amene tsopano akusenza ntchito ya mawilo anayi, afiire bwino, fluid wakale uja awire. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola galimoto imadutsa mamita pafupifupi 17 sekondi iliyonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Kupopa kawiri kumene munazolowera pa Independence Avenue kuno kumatenga kona yonse.

Zikachitika, mawu ake alipo kale ndipo aliyense amawalandira: mabuleki anakana. Ngati sakukwanira, kumudzi sikusowa munthu amene sanakondwe ndi matumba khumi aja, ndipo achibale adzamupeza msanga kuposa mmene angapezere kasipuling'i ka mu ashtray. Palibe amene amatsegula dramu ya galimoto yogubuduzika kuti awerenge L ndi R.

Chipatala cha mishoni cha St Luke's chili ku Mpanshya, pafupi ndi msewu womwewo, ngati mungapeze wokunyamulani. Azakhali ndi akuluakulu, akwera mwa kufuna kwawo ataona nkhope yanu yodzidalira. Koma ana asiyeni kwa agogo awo, adzabwere pa basi.